Nsanamira Yachinayi

Lolemba, 4 Meyi, cha m'ma folo koloko masana

Ndakhala pansi tsopano. Mbale ndatsuka, zochapa zili pachingwe, odwala ndawatembenuza. Kabuku aka anandigulira mwana wanga, Aphunzitsi, kuti ndizilembamo nthawi ya mapilitsi a bambo ake. Mapilitsi ndimawadziwa pamutu. Ndilembamo zanga, kuyambira kumbuyo. Sukulu ndinalekeza panjira, zilembo zanga zili ngati mapazi a nkhuku pamatope, koma palibe woti adzazichonge.

Odwalawo ndi amuna anga, a Levulo. Dzinali anawapatsa anzawo a ntchito, chifukwa cha chida chawo chija chokhala ndi kadontho pakati, choyezera ngati chinthu chawongoka. Kalipentala moyo wawo wonse. Munthu woti akalowa m'nyumba ya eni, moni pambuyo, ayambe wawongola chithunzi pakhoma.

Sitiroko inawagwetsa mu Januwale. Mbali ya kumanja inafa, mkono ndi mwendo womwe. Mawu onse anathawa, kunatsala amodzi okha: ayi. Sindinadabwe. Pa ukwati wathu wonse, amenewo ndiye anali mawu awo a pamtima. Koma mwezi wathawu ayiyonso anazima. Kungogona, nkhope kukhoma. Chakudya masupuni awiri, kenako pakamwa tseke. Chikuku, mpando wa matayala uja anatipatsa kuchipatala, chili pakona. Ndimayanikapo mathaulo.

Dzulo Aphunzitsi anabwera ndi mwamuna wake. Anaima pakhomo la chipinda nthawi yaitali. Ku khitchini akuti, "Amayi, mwezi uno ukatha bambo ali chomwechi, ndiwatenga. Inu simungathe." Kwawoko ndi nyumba zosanjikizana, pamwamba penipeni, windo loyang'ana khoma la eni. Akakwera kumeneko adzatsika ali m'bokosi. Ndikudziwa. Iyenso akudziwa.

Ndinangopitiriza kutsuka mbale.

Lachitatu, 6 Meyi

Ndimanga chisakasa. Ndekha. Kuseri kwa nyumba, pakati pa mtengo wa mandimu ndi chingwe choyanikira zovala, moyang'anizana ndi windo la kuchipinda.

Ndi lonjezo lakale limeneli. Tikulowa m'nyumba muno, ine ndili ndi pakati pa Aphunzitsi, anandiloza malo omwewo. "Apa ndidzakumangirani pokhala, muzidzamwera tiyi pamthunzi ngati bwana." Mwanayo lero ali ndi imvi. Bambo ake anamangira tauni yonse. Makonde, mashelefu, ngakhale agalu a bwana wina anawakhomera kanyumba ka khonde lake. Ine ndinkangomva fungo la utuchi pa malaya. Woumba mbiya adyera m'phale, nanga mkazi wake? Adyera m'manja.

Munthu anazolowera panja, dzuwa kumsana, pensulo kukhutu. Lero tamutsekera m'chipinda chonunkha mankhwala, tikudabwa kuti wayang'ana kukhoma. Atakhala ndi kopita mwina angadzuke. Mwina. Akapanda kudzuka, bola ndimwere tiyi pamthunzi wanga.

Bodza. Tiyi wa ndekha ndimwerenji pamenepo.

Loweruka, 9 Meyi

Mkamwini wabwera ndi zithunzi. Mumtima ndimamutcha a Foni, poti vuto lililonse amalithetsa ndi chala chimodzi. Pakamwa ndimati bambo. Munthu wabwino, kungoti manja ake sanagwirepo kanthu kolemera kuposa makiyi a galimoto.

Zisakasa za mitundumitundu. Za makona ambirimbiri, za denga losongoka ngati fanulo yozondotsa, china chachitsulo cha nsalu pamwamba, chopinda ngati ambulera. "Ichi, amayi, ndingoimba, mawa chafika." Ndati nanga mphepo ikachiulutsa, mudzaimbanso kuti achigwire kwa aneba? Aseka, koma a m'mano mokha.

Ine ndikufuna cha matabwa. Nsanamira zinayi, mitanda inayi pamwamba, malata opendekera kumbuyo kuti mvula izithirira mandimu. Pansi posakweza, popanda sitepe, chikuku chizingolowa. Makoma ayi. Makoma awakwana akuluwa.

Masana kogulitsa matabwa. Ndagogoda lililonse ndi chala, kulinunkhiza, kuliyang'ana ndi diso limodzi monga ndinkaonera amuna anga. Chimene ndimafufuza sindikuchidziwa bwino, koma wogulitsa anaopa, nanditulutsira ouma a kumbuyo. "Agogo, kalipentala wanu ndani?" Ndati ukumuona. Wandiyang'ana kuyambira kumpango mpaka kumasilipasi. Ndalama zomwe ndinkasunga m'chitini zaphwa ngati chithaphwi. Zikaoneka.

Lachiwiri, 12 Meyi

Ndatsegula bokosi lawo la zida. Kiyi inali m'thumba la ovololo, ikadali pamsomali kuseri kwa chitseko momwe anaikolekera tsiku lija. Fungo la utuchi ndi thukuta lawo. Ndinayamba ndakhala pansi kaye. Chigwiriro cha hamala chinadyeka motsata dzanja lawo. Langa silikhalamo bwino.

Tepi yoyezera ili ndi manambala ang'onoang'ono ngati nyerere. Ndaibweza. Ndayeza ndi chikuku chomwecho, kuchiyendetsa chopanda munthu, kuchizunguliza, pomwe chatembenuka bwino n'kukhomapo zikhomo. Aneba a kuseri kwa mpanda, mayi wamasiye, mnzanga wa miseche, anasuzumira. "Asisi, mwayamba kuyendetsa mizimu?" Ndati bwerani mukwere, mpando ulipo.

Maenje awiri. Nthaka gwa! ngati mutu wa akuluwa. Msana ukuyaka.

Lachinayi, 14 Meyi

Maenje atha, akuya mpaka m'khwapa. Matuza m'manja onse. Kutsinde kwa nsanamira ndapaka oyilo wakuda kuopa chiswe.

M'mawa uliwonse ndimakoka katani, kutsegula windo pang'ono kuti phokoso lizilowa. Powasambitsa ndimawauza zonse, za maenje, za wogulitsa matabwa, za a Foni ndi ambulera yawo. Ngakhale chikope osagwedeza.

Lero powapukuta kumsana, nthiti zonse poyera. Munthu ankasenza chitseko yekha n'kumaimba mluzu. Ndinafulumira kuwaveka malaya.

Supu wabwerera yense.

Loweruka, 16 Meyi

Nsanamira zaima, zonse zinayi. Aneba kugwira, ine kupanira miyala m'dzenje n'kuchirikiza ndi timatabwa m'mbali. Akazi awiri, mano onse titaphatikiza sangadzaze kamwa limodzi, koma taimika. Simenti pambuyo.

Tayeza ndi maso. Levulo sindinaikhudze. Kadontho kake kamangothawathawa, ndiponso ndi yawo. "Zawongoka ngati asilikali," akutero Aneba. Iwo omwe diso lina lili ndi ng'ala.

Mwezi wadutsa theka. Kuchipinda chete.

Lolemba, 18 Meyi



Ndinali nditakwera pampando, kuyesa mtanda woyamba. Ndinamva go! go! go! pagalasi. Ndimayesa mbalame. Kucheuka, nkhope pawindo. Adzikoka okha ndi mkono wamanzere mpaka kutsamira pafelemu, m'manja supuni ya supu uja amakana. Nkhope mbuu, ndevu nyankhalala, maso psu! ndi ukali. Kuloza nsanamira za kumandimu ndi supuniyo.

"Ayi!"

Ndinatsika pampando bwinobwino. Ndinapita kuseri kwa bafa, kulira mokwanira, kupukuta ndi mpango, n'kubwerera. Ndati chavuta n'chiyani, bambo? Kulozanso, dzanja kulipendeketsa chonchi. Ndati ine ndikuona zowongoka. Ngati zapendama, bwerani mudzandionetse, ine za pawindo sindimva.

"Ayi!" Malovu mpaka pagalasi.

Chibadwire sindinamvepo nyimbo yokoma chotero.

Lachiwiri, 19 Meyi

Kunyanyala. Koma kunyanyala nkhope ili kuwindo, osati kukhoma.

Ndawaikira levulo pabulangete. Pobwera ndi tiyi ndapeza aifungatira pachifuwa, chala chachikulu chikusisita pagalasi pa kadontho. Atandiona aikankhira kumbali ngati yawagwera mwangozi.

Masana onse ndakhoma misomali pa thabwa lotha ntchito, pansi pa windo penipeni. Dala kuikhomera chammbali, ipindike. Kenako kuiwongola ndi tcheselo yawo yakuthwa yosemera matabwa, imene ngakhale mwana ankaletsedwa kuiyang'ana. Kapu ya pulasitiki inatulukira pawindo, kundiphonya pang'ono. Ndaitola, ndati zikomo, ndimasowa poika misomali.

Mulungu andikhululukire. Tcheselo yabuntha.

Lachinayi, 21 Meyi

Atuluka.

Ndikulowa ndi madzi osamba, ndodo yawo ikuloza pakona. Pa chikuku. Ndinachotsa mathaulo mwakachetechete, kuopa kuti ndikalankhula asintha maganizo. Ndinaitana Aneba, tinawanyamula wina kukhwapa uku wina uku. Opepuka ngati mtolo wa zochapa zouma.

Pakhomo dzuwa linawathobwa m'maso. Anatsinzina, mutu chagada, mphuno kukoka mpweya. Ndimati alira. Ayi ndithu. Kutsegula maso, kuloza nsanamira yoyamba, ndiwakankhire pomwepo. Kugunditsa levulo pathabwa ndi dzanja lamanzere. Kuyang'ana kadontho, kundiyang'ana ine. Diso limenelo ndakhala nalo moyo wanga wonse: diso loti mkazi uyu ndinamutola kuti.

Zonse zinayi zopendama. Ina kum'mawa, ina kumadzulo, ngati anthu ochokera kumowa. Aneba akuti, "Koma dzana zinali bwinobwino," n'kuzemba.

Adya panja. Buledi woviika mu tiyi, dzira lonse. Anali otanganidwa ndi kukwiya, osazindikira kuti akutafuna.

Lamlungu, 24 Meyi

Kagwiridwe kathu ka ntchito: iwo levulo, ine hamala. Ndigogoda chochirikiza, iwo ayi. Ndigogodanso, ayi. Ndibweza pang'ono, ayi. Kenako chete. Chete wawo ndiye eya. Ndiye kuti ukwati wonse uja akakhala chete ankandiyamikira? Bwenzi atanena.

Ali ndi lamulo lawo lakale: nsanamira ikawongoka, igone kaye usiku umodzi yopanda simenti. M'mawa kuiyezanso. Ikapezeka pomwe munaisiya, ndiye muthire. Ankauza anyamata awo a ntchito kuti thabwa lili ngati mlendo, khalidwe lake umalidziwa kutacha.

Ziwiri tathira kale. Mikono yanga ikukana kukwera kumutu, mpango akundimanga Aneba. Iwo masaya ayamba kubwerera. Ndawameta ndevu panja, pa mandimu. Anagwira dzanja langa kuona matuza, nthawi yaitali ndithu. Kenako analitembenuza, kundionetsa kuti hamala ndimaigwirira pafupi ndi mutu, nchifukwa chake. Chikondi cha akalipentala.

Lachitatu, 27 Meyi

Yachitatu yatha. Yachinayi, ya pafupi ndi mandimu, tawongola lero, igone.

Madzulo nditawalowetsa ndinakaanula zovala. Kuima pakati pa nsanamira zija, mantha kundigwira. Mawa simenti. Kenako mitanda, malata, basi chatha. Ndiye pambuyo pake? Munthu uyu sanatulukire mthunzi. Mthunzi ngwa ine. Iye watulukira cholakwika. Cholakwika chikatha, khoma lija likumudikira.

Ndinayang'ana kuwindo, katani yotseka. Ndinatenga hamala. Kamodzi kokha pa chochirikiza, go. Nsanamira inapendama pang'ono, ngati munthu womvetsera miseche.

Lachinayi, 28 Meyi

"Ayi!" m'mawa kuno, mpaka nkhunda kuthawa padenga. Ndati mwina ndi mphepo ya usiku. Tawongolanso. Igonenso.

Adya kawiri.

Loweruka, 30 Meyi

Tsiku la chiweruzo. Aphunzitsi wabwera ndi chikwama chopanda kanthu, cholongezeramo zovala za bambo ake. Walowa kuchipinda, bedi loyala, munthu palibe. Ndinamva kukuwa, "Amayi!" Ndati kuseri kuno, usatisokosere, tili pantchito.

Anaima pangodya ya nyumba, chikwama m'manja. Bambo ake pa chikuku, chipewa kumutu, pensulo ndawapanika kukhutu, akukalipira mkamwini ndi ndodo. Poti a Foni tinawakweza pamakwerero, agwire mitanda iwiri ya mbali yomwe yatha. Thukuta kamukamu, foni ikulira m'thumba, osayerekeza kuiyankha.

Mwana wanga anakhala pa thumba la simenti, siketi yabwinobwino, n'kubisa nkhope. Bambo ake anamukodola, anamupatsa levulo agwire. Ali wamng'ono ankamuletsa.

Za kuwatenga sizinatchulidwe. Chikwama chabwerera chopanda kanthu, ndaikamo mandimu.

Potsazika a Foni akuti, "Kotsalaku ndingoitana kalipentala, tsiku limodzi chatha." Tinayankha pamodzi, ine ndi akuluwa, mawu amodzi omwewo. Koyamba kugwirizana chikwatirane.

Lachisanu, 5 Juni

Sabata yathunthu, yachinayi ikukanabe. Madzulo ine go, m'mawa iwo ayi, masana kuwongola. Malata ali tsamire kukhoma. Pamwamba ndamangapo nsalu yakale ya pabedi, mthunzi wa theka. Tiyi tikumwera pomwepo. Bwana wa theka, komabe bwana.

Dzulo ndinatopa, ndinagona osakagogoda. M'mawa mtima uli m'mwamba, ndati lero ithiridwa basi. Kuyeza, yapendama! Ndinazizidwa. Ndati kapena dzenje ndi loipadi.

Aneba andiitanira kumpanda, akuseka mpaka kugwira nthiti. "Asisi, akuba muli awiri m'nyumbamo." Akuti dzulo ndikukatenga juzi, anawaona akuluwa akudzikankha ndi mwendo wamoyowo, pang'onopang'ono, mpaka tayala la chikuku kugunda chochirikiza. Kamodzi, kawiri. Kenako kubwerera pamalo pawo, manja pamiyendo, nkhope ngati m'busa.

Akuti si koyamba. Masiku ena timagogoda tonse, wina kukankhira uku, wina uku.

Sindinawafunse. Powapatsa tiyi ndangoti mphepo ya chaka chino yavuta. Mbali yamoyo ya pakamwa pawo inakwera m'mwamba. Anayang'ana kumandimu.

Lachisanu, 19 Juni

Kuchipatala. Ndikulembera pabondo, pabenchi ya pakhonde.

Chibayo. Chinayamba ngati kachifuwa wamba, kenako thupi moto, kupuma ngati sowo yobuntha. A Foni ndiwo anatithamangitsira kuno, ndipo tsiku limenelo foni yawo ndinaidalitsa. Botolo pamwamba, chingwe kumkono, chipaipi kumphuno.

Aphunzitsi anandiuza pakhonde pompano, "Mumawatulutsa m'mawa kukuzizira, amayi. Munthu wodwala." Sindinakane. Mwina n'zoona. Ndazitembenuza m'mutu masiku onsewa. Ndikanawasiya m'chipinda chofunda, akanafa mofunda, nkhope kukhoma. Ndawatulutsa, adya, akwiya, aseka ndi theka la kamwa, tsopano ali apa. Chabwino n'chiti, ine sindine woweruza. Pambuyo pake Aphunzitsi anabwera kudzakhala pafupi nane, mutu paphewa langa ngati kale.

Kutentha kwatsika, adokotala akuti mankhwala agwira. Koma munthu watembenukiranso kukhoma. Pakamwa tseke. Ayi yemwe kulibe. A nesi akuti, "Agogo, mankhwala paokha sangathe, akapanda kudya tiwataya."

Khoma la kuno ndi lobiriwira. Kusiyana kwake n'komweko.

Loweruka, 20 Juni, m'mawa

Ndabwera kunyumba kudzasamba ndi kutenga zovala. Ndilembe msanga.

Dzulo madzulo chakudya chinabwera, iwo osacheuka. Ndinaika mbale pansi. Ndinawerama mpaka pakhutu, kuti odwala anzawo asamve. Ndati tamverani bambo. Mukafuna kupita pitani, sindikugwirani mwendo. Koma nsanamira ija ndaisiya yopendama, ndipo ndikaithira simenti ili chomwecho. Pamaliro panu anthu adzakhala pomwepo. Aliyense wofunsa ndidzamuuza kuti iyi ndi ntchito yomaliza ya a Levulo, anaimika okha, anayeza okha.

Ndimati sanamve.

Kenako mutu kutembenuka, pang'onopang'ono. Diso lija. La mkazi uyu ndinamutola kuti.

"Ayi."

Kamawu kakang'ono, kosasa, koma kawo. Ndati ndiye yasamulani. Anayasamula. Mbale inatsala theka lokha, ndipo theka limenelo anamaliza Aphunzitsi akuwadyetsa, uku akulira uku akuseka, osadziwa chimene ndawanong'oneza.

Tsono ndafika kuno, ndapeza mulu wa mchenga watsopano pageti. Aneba akuti mkamwini wapangana ndi kalipentala, abwera Lolemba kudzamaliza chisakasa, kuti akuluwa akadzatuluka adzapeze chokongola, chowongoka, cha malata ake. Mphatso. Mtima wabwino wa mwana wa eni, ungandiphere munthu. Ndawaimbira, sakuyankha. Lero lokha!

Levulo ndaiika m'chikwama. Bedi la kuchipatala lija ndikuliona ngati lapendama kumutu. Akaliyeze okha, likawasowetse mtendere mpaka atatuluka.

Kabukuka sindinalembere munthu, koma ndikukasiya patebulo chotsegula. Iwe amene ukapeze, kaya ndiwe mwana wanga, kaya ndinu Aneba ndi diso lanu limodzilo, werenga, useke zilembo zanga ukafuna, kenako ukapereke m'manja mwa mkamwini Lolemba lisanafike. Za a Foni zija asakwiye nazo, ndi dzina la chikondi. Awerenge mpaka pano, abweze kalipentala wakeyo. Mchenga ukhale, malata akhale. Nsanamira yachinayi asaikhudze munthu. Mwini wake akubwera kudzaikana yekha.